Bondo la Zipinda Zitatu

Amuna anga ntchito yawo ndi yoyala matailosi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akugwada pa simenti ya eni ake, mpaka anthu anaiwala dzina lawo n'kumangowatchula aLevulo, chifukwa cha kachitsulo kokhala ndi diso la madzi kamene sikachoka m'thumba la malaya awo. Ngakhale tikapita kukacheza kwa anthu, iwo maso amakhala pansi, kuyeza ntchito ya anzawo. Ine ndine telala. Ndimasokera pakhonde pa makina opalasa ndi phazi, ndipo anthu amati pakamwa panga m'pakuthwa kuposa sizasi yanga. Mwina kale. Masiku ano ndimangosoka.

Pabalaza pathu matailosi anafika pakati n'kuima. Theka ndi loyera mbee, theka ndi simenti yokhayokha, ndipo mabokosi asanu ndi limodzi akhala kuseri kwa sofa kuyambira chaka chimene mwana wathu wamkazi anakwatiwa. Woumba mbiya amaphikira m'phale, nanga n'kutani. Ndikadandaula ankati, "Mayi, ndikangomaliza ntchito iyi." Ntchitoyo siinathe.

Bondo lakumanja linayamba ndi phokoso. Akamadzuka pansi linkati kekete, ngati chitseko cha kabati yakale. Ine ndinkawaseka kuti bwerani ndikuthireni mafuta a makina. Iwo ankati mafuta a m'bondo angochepa, adzabwerera okha nyengo yotentha. Nyengo yotentha inabwera, inapita. Tsiku lina analephera kudzuka m'bafa ya munthu wina kumene ankagwira ntchito, ndipo mwini nyumba anachita kuwakoka m'khwapa ngati thumba la simenti. Ululu akanapirira, koma manyazi aja ndi amene anawapititsa kuchipatala.

Kumene amaona za mafupa kuli khonde lalitali la m'kati, mabenchi mbali zonse, khoma lopaka utoto wobiriwira mpaka m'mapewa. Aliyense amene anakhala pamenepo anali ndi ndodo. Amuna anga atangokhala anayamba kugogoda pansi ndi yawo, ndipo pa tailosi yachitatu anaima.

"Iyi ndi yamphako. Woyalayo anamana simenti."

"Tabwera kudzayeza bondo, bambo, osati chipatala," ndinawatero.

Pafupi nafe panali bambo wina wonenepa, dalaivala wa malole wopuma pantchito, atapinda thalauza kuonetsa chipsera chachitali chotsika pakati pa bondo. Ndi anthu aja amene akafika pamalo kawiri amasanduka eni ake.

"Achimwene, koyamba?" anafunsa. "Mukalowa akuuzani kuti lozani pamene pakupweteka ndi chala chimodzi. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Chala chimodzi, akusinthani theka la bondo. Mukaika chikhatho chonse, bondo lonse lipita. Ine ndinaika chikhatho."

"Ndiye muli bwanji?"

"Kuyenda ndikuyenda, masitepe ndikukwera, ululu unatha. Koma kugwada ndinasiyira ana."

Ndinaona amuna anga akuyang'ana bondo lawo ngati munthu amene wangomuuza kuti mnzake wapamtima akusamuka. Kwa dalaivala kugwada n'chiyani? Kwa aLevulo kugwada ndiyo ntchito, ndilo dzina, ndizo zonse zimene amadziwa kuchita ndi tsiku. Nkhani yonse inali imodzi basi: kodi adzagwadanso?

Adokotala anali mayi wamfupi wolankhula mofulumira, magalasi akulendewera pachifuwa. Anawagoneka pabedi, anapinda mwendo, anauwongola, anaukokera uku ndi uko. Kenako anati, "Lozani ndi chala chimodzi." Amuna anga anaika chala m'kati mwa bondo, mbali yoyang'anana ndi bondo linzake, osazengereza. Sikunali kuchenjera ayi, ndi pomwepo pamene pankapweteka.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Matailosi."

"Basi mundimva msanga." Anapachika chithunzi cha mafupa pa galasi lowala. "Bondo lili ngati nyumba ya zipinda zitatu. Cham'kati ichi, chakunja ichi, ndi chakutsogolo, kuseri kwa kambale ka pabondo aka. Pansi pa chipinda chilichonse panayalidwa chicherewecherewe, chija choyera, choterera, chimene mumatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku."

"Ndiye mafuta aja?"

"Si mafuta, bambo. Tingoti ndi matailosi. Ndipo akatha sameranso."

Nkhope ya amuna anga inamasuka. Kwa nthawi yoyamba munthu wa chipatala ankalankhula chilankhulo chawo.

"M'chipinda cham'katichi matailosi atha, fupa likukhuzana ndi fupa. Koma ziwirizi, taonani mpata uwu, zili ngati zatsopano. Mitsempha yomanga bondo ndi yolimba, mwendo ukuwongoka bwino. Ndiye palibe chifukwa chogumulira nyumba yonse. Tiyala chipinda chimodzi ndi kachitsulo ndi pulasitiki. Zinazo ndi zimene zikunyamuleni."

"Ndidzagwadanso, adokotala?"

"Kulonjeza sindilonjeza. Koma ndi theka mwayi ulipo, woposa wa bondo lonse. Vuto ndi mzere, ndi wautali, miyezi isanu ndi inayi. Tsiku likayandikira tidzajambulanso. Tsono za ntchito yanuyo, ndikufuna mumvetse kuti..."

Chitseko chinatseguka. Namwino anasuzumira n'kunena kuti kwabwera wangozi, akufunika msangamsanga. Adokotala anaimirira akuvala magalasi. "Anamwino akupatsani pepala, zonse zili pamenepo. Mukawerenge." Anatuluka akuthamanga.

Pepalalo linali lolimba, losalala, tizilembo take ngati nyerere. Magalasi anga ndinali nditawasiya pa makina. M'basi ndinaliyang'ana kutali, pafupi, osaona kanthu.

"Musavutike, mayi," anatero aLevulo. "Ndamva zonse ndi makutu anga. Dokotala uja ndi mmisiri mnzanga."

Titafika kunyumba pepala lija ndinaliponya m'dilowa ya makina, mmene mumakhala tepi, choko ndi mapatani.

Anakhala pakhomo masiku anayi. Tsiku loyamba anakonza mpando. Lachiwiri anayeza khonde lonse n'kupeza kuti makina anga apendekeka. Lachitatu anayamba kundiuza mmene ndingadulire kolala, ine amene ndadula makolala chiyambire iwo asanamere ndevu. Lachinayi m'mawa anabwera pakhonde ndi kapu ya tiyi m'manja, maso akuwala.

"Mayi, ndikufunseni. Nyumba ikang'ambika chipinda chimodzi, mumatani? Mumakagona panja?"

"Ayi."

"Mumatani?"

"Mumasamutsira katundu m'zipinda zabwino."

"Ehee! N'kudikira womanga." Anamenya ntchafu. "Dokotala ananena yekha, ziwirizi zili ngati zatsopano, ndi zimene zindinyamule. Tsono ine ndikhalirenji pansi ngati mlendo? Tingosamutsa katundu."

Ndinene zoona, ndinaona kuti n'zanzeru. Mpaka lero ndikazibwereza m'mutu zimamveka zanzeru. Ankafuna khushoni ya pabondo, koma osati yafulati ngati zogula. Ankafuna yokhuthala m'kati, yopyapyala kunja, kuti akagwada thupi lonse lizitsetserekera kunja ndi kutsogolo, chipinda chong'ambikacho chizipuma. Anayeza kutsetsereka kwake ndi levulo patebulo, akuika makatoni pansi mpaka diso la madzi linafika pamene ankafuna. Ine ndinawayeza bondo ndi tepi. Ndinafuna pepala lolimba lodulira patani, ndinapisa dzanja m'dilowa n'kutenga limene linali pamwamba, loyera kumbuyo. Ndinajambula, ndinadula. Siponji ndinachotsa m'khushoni ya sofa yakale, kunja ndinakuta ndi chinsalu cha tenti, ndipo malamba ndinasoka kawiri kuti asaduke. Sindinasokepo chinthu mosamala chotero, ngakhale diresi ya ukwati ya mwana wanga.

Ndipo inagwira ntchito. Apa ndi pamene pamandithera mawu. Ikanakhala yosathandiza akanaitaya sabata yomweyo. Koma madzulo a tsiku loyamba anabwera akuimba mluzu, akuti m'kati muja mwangoti zii, ngati munthu wazimitsa wailesi. Anatenga ntchito ya holo ya sukulu ina, kenako makalasi asanu ndi atatu, kenako masitepe a nyumba ya alendo, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anzawo a matailosi anabwera kudzandipempha makhushoni, ndinawasokera anayi, afulati. Yopendekeka inali ya aLevulo okha, ndipo ankaitchula kuti dokotala wamng'ono.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi, m'mawa wina tikumwa tiyi, ndinaona dzanja lawo. Linali pabondo, chikhatho chonse, likuzungulira pang'onopang'ono pamwamba pa kambale kaja. Iwo ankalankhula za mtengo wa simenti, sankadziwa n'komwe zimene dzanjalo linkachita. Mawu a dalaivala uja anabwera okha. Ndinkayembekezera kuti mtima ugunda, koma sunagunde. Ndinangomva kuzizira ngati mmene limachitira phazi ukalikhalira nthawi yaitali.

"Chala chimodzi, bambo," ndinatero.

Anayang'ana pansi, anachotsa dzanja msanga. "Ndikungolifunditsa."

"Pakupweteka pati?"

Anaika chala m'kati. "Pomwe paja."

"Pomwe paja pokha?"

"Mayi, tiyi wanu akuzizira."

Sindinafunsenso. Mungandinene, ndipo munganene zoona. Ndinaona atayamba kutsika masitepe a pakhonde chammbali ngati nkhanu. Ndinaona akamadzuka pasofa akuyamba awerenga m'kamwa, kenako n'kudzikankha ndi manja onse awiri. Ndinaona bondo likutupa madzulo mpaka thalauza kuthina. Zonsezi ndinaziona, ndipo chimene ndinachita n'kuwonjezera siponji m'khushoni pamene inaphwa. Ndinkati miyezi itatu yatsala si kanthu, tipirire, akakonza chipinda chija zonse zidzatha. Nthawi zina tikudya ndinkangoti, "Lozani," iwo n'kuloza ndi chala chimodzi, tonse n'kupitiriza kudya osasekana.

Foni ya kuchipatala inabwera Lachiwiri. Anati tipite Lachisanu akajambulenso, ndipo zikakhala bwino opaleshoni ndi sabata yotsatira. ALevulo anameta, anavala malaya oyera, levulo m'thumba monga mwa masiku onse. Tili pakhomo anabwerera m'nyumba n'kutuluka ndi thumba la pulasitiki.

"Mwatenga chiyani?"

"Dokotala wamng'ono. Akaonane ndi wamkulu."

"Isiyeni, ndi yakuda, ikununkha thukuta."

"Mmisiri mnzanga aone ntchito ya manja anu, mayi. Mwina n'kukupatsani oda ya chipatala chonse."

Khonde lija linali chimodzimodzi, ndodo zomwe zija, anthu ena. Amuna anga anagogoda tailosi yamphako ija n'kupukusa mutu kuti mpaka pano sanaikonze. Tinajambulitsa, tinadikira, dzina linaitanidwa.

Adokotala anatikumbukira. "A matailosi! Gonani apa. Lozani ndi chala chimodzi."

Chala chinapita pamalo ake ngati msilikali. Adokotala anagwedeza mutu, kenako anaika dzanja pa kambale ka pabondo, anakadinikiza n'kukasuntha pang'ono. Ndinali pampando cha kukhomo koma ndinamva, ngati mchenga pansi pa chitseko. Nkhope ya amuna anga sinasinthe ngakhale pang'ono. Koma dzanja lawo linagwira chitsulo cha bedi mpaka mitsempha kutuluka.

"Apa?"

"Ayi."

Anadinikiza kunja kwa bondo. "Nanga apa?"

"Ayi, adokotala."

Adokotala anayang'ana dzanja la pachitsulo lija. Anapachika zithunzi ziwiri moyandikana, chakale ndi chatsopano. Ine sindidziwa kuwerenga mafupa, koma ndimadziwa kuyerekeza zinthu ziwiri zimene zimayenera kufanana. Mpata uja anatisonyeza poyamba paja, wa kunja, unali utachepa ngati msoko wothina. Pachithunzi chojambula chammbali, kambale kaja kanali katatsamira pafupa.

"Bambo, dzukani mukhale. Miyezi imeneyi mwakhala mukutani?"

Apa amuna anga anamwetulira. Ine ndinkafuna kuwagwira mkono, koma ndinachedwa. Anatsegula thumba la pulasitiki, anatulutsa khushoni ija n'kuiika patebulo la adokotala ndi manja awiri.

"Ndatsatira mawu anu, adokotala. Munati chipinda chimodzi chatha, ziwiri zili ngati zatsopano, ndi zimene zindinyamule. Ndiye katundu yense ndinasamutsira m'zipinda zabwino. Taonani kutsetsereka kwake. M'kati muja sindinapondemo ngakhale tsiku limodzi."

"Mwakhala mukugwada?"

"Tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Holo yathunthu, makalasi asanu ndi atatu, masitepe makumi asanu ndi limodzi."

Adokotala anatenga khushoniyo, anaitembenuza, anadinikiza mbali yokhuthala ndi yopyapyala. Kenako anakhala pansi, munthu amene sindinamuonepo atakhala. Anavula magalasi.

"Wasoka ndani?"

"Ine," ndinatero.

"Pepala lija munawerenga?"

M'mutu mwanga munadutsa dilowa ya makina. Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga anayankha. "Ndinawauza ine kuti asavutike. Ndinati ndamva ndi makutu anga."

Adokotala anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa jekete nthawi yaitali.

"Fanizo la zipinda lija linali langa," anatero. "Ndipo mawu anga sindinamalize tsiku lija. Ndinkatanthauza kuti zidzakunyamulani opaleshoni ikachitika, ndiye zinkafunika kusungidwa mpaka tsikulo. Bondo si nyumba, bambo. Zipinda zake sizilandira katundu wa chinzake kwaulere." Anaika dzanja pa khushoni ija. "Sindikunamizani. Matendawa amayenda okha, mwina zikanaperepeseka ngakhale mukanakhala pampando. Sindingalumbire. Koma kugwada miyezi isanu ndi inayi, thupi lonse litatsamira pamenepa, kunawathamangitsa."

"Ndiye sabata yamawa?"

"Sabata yamawa palibe. Chakutsogolo chatha, chakunja chikutha. Theka silingathekenso."

ALevulo anaseka pang'ono m'mphuno. "Theka silitheka. Mwamva, mayi? Adokotala ayamba ndakatulo."

Palibe anaseka. Ine ndinkayang'ana batani la jekete ya adokotala, linali litasokedwa ndi ulusi wosiyana ndi anzake, wabuluu pakati pa oyera. Ndi chimene ndimakumbukira kwambiri pa tsiku limenelo.

"Chabwino," anatero amuna anga, mawu ali ngati akukambirana mtengo ndi kasitomala. "Yalani chimodzi chomwecho monga tinapanganira. Zinazo ndipirira, sindidzabwera kudzadandaula."

"Bambo, munthu atakuitanani kuti muyale chipinda chimodzi, inu mukuona kuti pansi ponse pakutitimira, mungayale?"

Amuna anga anafuna kunama, ndinaona. Koma za ntchito sananamepo chibadwire.

"Sindingayale. Pakatha chaka zimang'ambika, mwini nyumba n'kumakutukwana dzina."

"Inenso sindingayale. Mungadzuke pa opaleshoni ululu uli pomwepo, ndipo posakhalitsa tingakudulaninso kachiwiri."

Nthawi yonseyi dzanja lawo linali pabondo, chikhatho chonse, likuzungulira. Tsopano sanalichotse.

"Bondo lonse ndi opaleshoni yabwino," anapitiriza adokotala. "Mudzayenda bwino, mudzagona tulo, ululu udzachepa kwambiri. Anthu amatithokoza."

"Kugwada?"

"Pang'ono, pa chinthu chofewa, ena amatha. Ambiri bondolo silivomera."

"Ndikunena kugwada kwa ntchito, adokotala."

"Pa simenti, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ayi. Zimenezo ndisakunamizeni."

"Zikomo," anatero amuna anga. Anasaina pamene anawalozera, mzere wina, miyezi ina inayi. Anabweza khushoni m'thumba la pulasitiki n'kumanga pakamwa pake mfundo ziwiri. Namwino anatipatsa pepala lina, lolimba, losalala. Ili ndinaligwira m'manja njira yonse.

Potuluka tinadutsa pa tailosi yamphako ija. Ndodo yawo inaponda pomwepo, inalira mphako, koma sanaime. Pabenchi bambo wina wachilendo, woonda, anawakoka malaya.

"Akulu, m'katimo akufunsa chiyani?"

"Chala," anatero aLevulo, n'kupitirira.

Tinakwera basi. Kondakitala anatibwezera chenji, ndinalandira. Tinadutsa nyumba ya alendo ija ya masitepe makumi asanu ndi limodzi, iwo anayang'ana mbali inayo. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndilire, poti apa ndi polirira, koma m'maso munali mouma ngati m'thumba la ufa lokutumula. Ndinayamba kuwerengera m'mutu mayunifolomu amene ndinayenera kumaliza Lolemba.

Tinafika dzuwa likadali pamwamba. Anakhala pasofa, mapazi ali pamzere pamene matailosi amathera n'kuyamba simenti. Ndinawafunsa ngati akufuna madzi, anati ayi. Ndinatuluka pakhonde, ndinavala magalasi, ndinatsegula dilowa.

Ndinatulutsa tepi, choko, mabatani, mapatani a makolala ndi a manja. Pepala la kuchipatala lija munalibe. Ndinafufuza kawiri, ndinayang'ana ndi pansi pa makina. Chimene chinatsala m'dilowamo chinali patani ya khushoni, yozungulira ngati bondo, pali zolemba za dzanja langa: kumanja, m'kati mokhuthala. Inali yolimba, yosalala. Ndinaigwira kanthawi ndisanaitembenuze, chifukwa zala zinali zitadziwa kale.

Kumbuyo kwake kunali tizilembo tija ngati nyerere, todukaduka m'mbali monse mmene munadutsa sizasi. Koma pakati penipeni mzere umodzi unali wa zilembo zakuda kwambiri, ndipo ndi magalasi unkawerengeka bwinobwino: "wani kugwada, kunyonyomala ndi kunyamula zolemera pamene mukudi". Zilembo ziwiri zoyambirira, pe, zinapita ndi sizasi yanga. Ndinazisesa ndekha pamodzi ndi zidutswa za nsalu miyezi isanu ndi inayi yapitayo.

Mbaula inali pomwepo pakhonde, makala akadali ndi moto wa m'mawa. Ndinaiyang'ana. Ndikanaponyamo pepalalo, amuna anga akanadziwa bwanji? Anali atasenza kale mlanduwo pamaso pa adokotala, ndipo akanausenza mpaka kumanda osabwerera m'mbuyo. Koma ine ndakhala ndi munthu ameneyu zaka zonsezi, sanabisepo tailosi yong'ambika pansi pa kabati.

"Mayi, mukusaka chiyani kumeneko?"

Ndinalowa, ndinawapatsa, mbali ya zilembo ili pamwamba. Ndinawapatsanso magalasi anga. Anawavala, anali aang'ono kwa iwo, ndipo anawerenga milomo ikuyenda. Mzerewo ndi waufupi koma anatenga nthawi. Kenako anatembenuza, anaona zolemba zanga, anatembenuzanso.

"Ndi limeneli?"

"Ndi limeneli. Ndinalidula ndine."

Ndinaima pambali pa sofa kudikira. Ndinkafuna akalipe, ndikunena zoona, ndinkafuna atukwane, aponye ndodo, kuti mwina nanenso m'kati muno mudzuke kanthu. Iwo anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa pepalalo, kuzungulira konse, monga amachitira ndi tailosi imene angoidula kumene.

"Munadula bwino, mayi," anatero. "Palibe pamene dzanja linanjenjemera."

Zenera linali lotsegula, kamphepo kankalowa. Anaika pepalalo patebulo, linayamba kugwedera. Anapisa dzanja m'thumba la malaya, anatulutsa levulo ija n'kuisanjika pamwamba pake kuti lisauluke. Anandibwezera magalasi.

Papita milungu itatu. Ndimasesa, ndimapukuta tebulo mozungulira. Levulo ikadali pomwepo.